Wotchi ya mwana wanga m'mwezi wa Ramadhan

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kwa Nazombe kuno ku Phalombe. Wachiwiri ndi mnyamata wa zaka 9. Amalankhula mawu ochepa, sakonda kuyang'ana munthu m'maso, ndipo phokoso akamalimva zimakhala ngati akumulasa m'khutu.

Atakwana zaka 4 osalankhula, anthu anayamba kunong'ona. Ena amati ndi majini. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti geni yathu ya pa Chiringa iziyenda. Mawu amenewa anandipweteka kuposa vuto lenilenilo. Titatumizidwa ku Gulupu ku Blantyre, anayamba amuyeza makutu, kenako anatiuza kuti ali ndi autism. Anati ubongo wake umalandira zinthu mosiyana ndi wa ana ena, si matenda opatsirana, palibe jakisoni woichotsa, komanso si mlandu wa mayi kapena bambo. Ndinalira m'minibasi njira yonse, koma mtima unapepuka.

Chimene sindinkachidziwa ndi chakuti mwana wotereyu amakhazikika ndi ndondomeko. Tsiku lake ndi phala m'mawa, kapu yake yabuluu, mkeka wake pakona pomwe paja. Ndinazimvetsa bwino mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa khoma la nyumba yathu. Tinakagona m'kalasi limodzi ndi mabanja ambirimbiri, kapu ija itapita ndi madzi. Pasanathe milungu iwiri Ramadhan inayamba. Anthu ankadzuka usiku kudya daku, masana moto osakoleza. Mwana wanga ankadziluma dzanja, kukuwa, ngakhale madzi kuwakana. Ine ndili pa swaumu ndinamukalipira, mpaka pano ndimachita nazo manyazi. Mayi wina wachikulire anandikoka pambali nati, "Mwana wanga, wafunga ndiwe, iyeyu sanafunge. Kamuphikire." Anatibwereka kapu yapulasitiki yofananako ndi ija, ndipo madzulo ake anamwa.

Kuyambira pamenepo, Ramadhan kwathu timaikonzekera Shaabani isanathe. Ndinajambula zithunzi pa chikatoni: dzuwa, mbale, mkeka, mwezi. Tsiku lililonse timaloza chomwe chikubwera. Chakudya chake sichisuntha nthawi, pakuti swaumu siikakamizidwa kwa mwana yemwe sanathe msinkhu. Amakonda nsima ndi nyemba zokha, ndiye ndimamuikira kachidutswa ka mbatata kapena nthochi pambali osamukakamiza. Nthochiyo anailawa patatha miyezi itatu. Pa daku timayenda monyang'ama, nyali imodzi yokha, chifukwa tulo take tikasokonekera tsiku lonse limaonongeka. Tarawehe timasinthana ndi bambo ake. Kumzikiti anayamba kupita naye masana kulibe anthu, kuti azolowere malowo, ndipo adhana ikamayandikira amamuchenjeza kuti atseke makutu.

Kwa makolo anzanga, ana ena a autism amadwalanso khunyu. Ngati wanu akumwa mankhwala, musasinthe nthawi yake chifukwa cha Ramadhan musanafunse kuchipatala. Funsaninso kusukulu ngati kuli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga omwe amaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Inu ophunzira a kumadrasa, mukaona mnzanu akugwedeza manja kapena akubwereza mawu amodzimodzi, musamuseke. Akudzikhazika mtima pansi.

Pa 2 Epulo dziko lonse limakumbukira anthu a autism. Ine tsiku langa ndi lina, la chaka chatha. Dzuwa litalowa tinakhala pamkeka kuti tifutulu. Mnyamata wanga, yemwe sagawana kapu yake ndi munthu, anaikankhira kwa ine osandiyang'ana, nati, "Amayi, madzi." Alhamdulillah, ndinamasulira swaumu yanga ndi madzi amenewo.