Tsiku Lacitatu la Kumwezi

Wokumba citsime amadziwa kuti madzi sayesedwa m'Febuluwale pamene dziko lonse lakhuta mvula. Amadikira Okotobala nthaka itauma, ndipo pamenepo mpamene citsime cimanena zoona zace. Madokotala othandiza akazi ofuna mwana ali ndi lamulo lofanana ndi limeneli. Magazi a mkazi sanena cimodzimodzi masiku onse a mwezi, kotero wokapimitsa pa tsiku losayenera akhoza kubwerako ndi yankho lonama, ndalama za ulendo zitapita pacabe.

Mai wina wa zaka 34, wa m'boma la Petauke, anakhala m'banja zaka 6 wopanda mwana. Alamu ace anali atayamba kulankhula mophiphiritsa pa mtondo, ndipo ena anali kunong'oneza mwamuna wace kuti afune mkazi wina. Atagulitsa nshawa zace, maiyo anakwera basi kupita ku cipatala cacikulu ca m'tauni. Kumeneko namwino anamufunsa tsiku limene anayamba kumwezi, ndipo powerenga anapeza kuti papita masiku 16.

"Amai, magazi awa sititenga lero," anatero namwino. "Mukadzayambanso kumwezi mubwere pa tsiku laciwiri, lacitatu kapena lacinai. Musapitirire pamenepo."

Mtima wace unawawa, poganiza kuti angomucotsa ulemu cifukwa ndi wakumudzi. Koma pokumbukira kuti safunsa anadya phula, anabwerera pakhomo nati, "Pepani anamwino, kodi magazi anga a lero alakwa ciani?" Namwinoyo anamukhazika pansi namufotokozera.

Mkazi amabadwa ndi mazira ace onse, pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, m'timatumba tiwiri tokhala m'mbali mwa cibaliro. Pofika pa cinamwali amakhala atatsala ngati 300,000 kapena 400,000. Mwa amenewa, okhwima ndi kutuluka m'moyo wace wonse ndi 400 kapena 500 cabe. Ena onse amafota okha mwezi ndi mwezi. Pamene aleka kusamba, pa zaka ngati 50, amatsala pafupi 1,000. Ndi nkhokwe yodzazidwa kamodzi kokha, yosaonjezedwanso, ndipo cimene dokotala afuna kudziwa ndi kuculuka kwa zotsalamo.

Popeza sangathe kusuzumira m'nkhokwemo ndi maso, dokotala amamvetsera mauthenga oyenda m'magazi, ochedwa mahomoni. Kunsi kwa ubongo kuli kanthu kakang'ono ngati njere ya nandolo, kamene kamatumiza homoni yochedwa FSH kukauza timatumba tija kuti tikhwimitse dzira. Mazira akakhala ambiri, yankho limabwera msanga ndipo FSH imakhala yocepa. Akacepa, ubongo umacita ngati munthu woitana pa mudzi wa anthu owerengeka: amakweza mau. Motero FSH yokwera, makamaka yopitirira 10 pa cipepala ca ku cipatala, imasonyeza kuti nkhokwe yayamba kutsika.

Komatu FSH siikhala pamodzi. Pakati pa mwezi, dzira likatsala pang'ono kutuluka, imakwera mwa mkazi aliyense, ngakhale mtsikana wa zaka 20. Dzira likatuluka imagwa pansi, ngakhale mwa mai amene mazira ace atsala ocepa. Magazi a tsiku la 16 akadanyenga dokotala ndi mai yemwe. Masiku oyambirira a kumwezi ndiwo nthawi imene thupi limayambira nchito yace pa ciyambi, ndipo mpamene nambala ya mkazi mmodzi ingayerekezedwe ndi ya anzace. Pa tsiku lomwelo amapimanso homoni ina, estradiol, yocokera m'timatumba ta mazira. Imeneyi ikafulumira kukwera imatsitsa FSH, nkuoneka ngati zonse zili bwino pamene sizili tero. Ncifukwa cace ziwirizi zimawerengedwa pamodzi. Ndiponso FSH imasiyana mwezi ndi mwezi, kotero nthawi zina dokotala amaitanitsanso magazi mwezi wina.

Cimene cimasokoneza ambiri ndi kawerengedwe. Tsiku loyamba ndi limene magazi ayamba kuyenda bwinobwino. Timadontho toyambirira sitiwerengedwa. Mai wa ku Petauke uja anatenga kacitini, ndipo m'mawa uliwonse kuyambira pa tsiku loyamba anaponyamo njere imodzi ya cimanga. Ndalama ya basi anaimanga pa nsonga ya citenje kudikira. Panalinso manyazi oti awagonjetse, pakuti mkazi wophunzitsidwa kuti ali kumwezi asathire mcere m'ndiwo samasuka kukhala pakati pa anthu m'basi masiku amenewo. Koma magazi opimidwa amatengedwa pa mkono, ndipo anamwino amayembekezera kuti wobwerayo ali kumwezi. Njere yaciwiri italowa m'kacitini ananyamuka, nagona kwa mbale wace m'tauni, ndipo pa tsiku lacitatu anali pa mzere.

Pali kupima kwina kosasankha tsiku. Homoni yochedwa AMH, imene wasayansi wa ku France, Alfred Jost, anaizindikira mu 1947 pofufuza ana a akalulu, imapangidwa ndi timazira tating'ono tongoyamba kukula. Siisintha kwambiri m'kati mwa mwezi, motero magazi ace angatengedwe tsiku lililonse. Koma siipimidwa pa kiliniki iliyonse, ndipo mapilitsi a kulera amaitsitsa, cotero mkazi ayenera kuuza dokotala ngati wakhala akuwamwa. Palinso makina ounikira m'mimba, amene amawerenga timatuza ta mazira ta mamilimita 2 mpaka 10, kawirikawiri m'masiku omwewo oyambirira. Homoni yochedwa progesterone ili ndi nthawi yaceyace ndi funso lacelace: imanena ngati dzira linatuluka mwezi umenewo, ndipo imapimidwa kutatsala masiku 7 kuti mkazi apitenso kumwezi. Kwa wa masiku 28 ndi tsiku la 21. Kwa wa masiku 35 ndi tsiku la 28.

Cipepala ca maiyo cinaonetsa FSH yokwera pang'ono. Misozi inalengeza, poyesa kuti amuweruza kukhala cumba. Dokotala anamuletsa. "Amai, nambala iyi ikunena za kuculuka kwa mbeu m'nkhokwe. Siikunena ngati mbeuyo imera kapena iai. Pa mwezi pamafunika dzira limodzi lokha." Mau amenewa ali ndi umboni. Mu 2017, Dr Anne Steiner ndi anzace ku America anafalitsa zimene anapeza potsata akazi 750 a zaka 30 mpaka 44 amene anali atangoyamba kufuna mwana. Amene nambala zao zinasonyeza mazira ocepa anatenga pathupi mofanana ndi anzao. Cimene cimalamulira ubwino wa dzira kwambiri ndi zaka za mkazi. Phindu la kupima ndi kudziwa ngati nthawi yodikira ilipo, ndi kuthandiza dokotala kusankha mankhwala.

Dokotalayo ananenanso kuti magazi saonetsa ngati njira za mazira zinatsekeka ndi matenda akale, ndipo sanena kanthu za mwamuna, amene pa mabanja pafupi theka osowa mwana vuto limamukhudza. Atafika kunyumba maiyo anadikira usiku, nati, "Bambo, ine ndapimitsa. Adokotala akuti inunso mupite." Umuna ulibe tsiku la mwezi; cofunika nkuti mwamuna asakhale malo amodzi ndi mkazi wace masiku 2 mpaka 7 asanapimitse. Bamboyo anakhala cete masiku angapo, kenaka anafunsa yekha za mtengo wa basi.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linanena mu 2023 kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto losowa mwana pa moyo wace. Banja likatha caka likuyesa osaona kanthu liyenera kupita ku cipatala, ndipo ngati mkazi wapitirira zaka 35, miyezi 6 yakwana. Alangizi amene amaphunzitsa namwali kudzisamalira kumwezi angacite bwino kumuphunzitsanso kuwerenga masiku ace, pakuti funso loyamba la namwino lidzakhala lomwelo: munayamba liti?