Laputopu yanga ndinaigula ku Limbe, osati ku Joni

Laputopu yomwe ndinamalizira nayo maphunziro ku yunivesite inafa Lachiwiri lina m'mawa, ndili mkati molemba ntchito ya kasitomala. Sikirini inangoti bii, basi. Kwa ine amene ndimadyera kulemba, laputopu ndiye khasu langa. Ikafa, ndiye kuti lendi nayonso yalowa m'madzi.

Ndinali ndi kandalama komwe ndinkasunga kwa miyezi 8. Nditamuuza msuweni wanga wa ku Johannesburg, sanachedwe kuyankha pa WhatsApp. "Tumiza ndalamazo iwe. Ndikugulira yatsopano, ya m'katoni, kuchokera kwa eni ake opanga. Waranti chaka chathunthu. Ibwera pa basi."

Zinamveka bwino zedi. Ndani safuna kung'amba yekha pulasitiki ya chinthu chatsopano? Komanso tonse tinamvapo za mashopu ena amene amapukuta kunja n'kukugulitsa chinthu chofera m'kati.

Koma nditaika ndalama zanga mu ma rand, nkhope inagwa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula kunja chimaluma. Ndalama zangazo zimangokwana laputopu yatsopano ya pansi penipeni, ya purosesa ya Celeron ndi RAM ya 4GB. Yotereyi ukatsegula masamba khumi a intaneti ndi Word pamodzi, imayamba kupuma wefuwefu. Apo n'kuti ndisanawerengere za basi ndi msonkho wa pa boda.

Ndiye panali funso limene amayi anandifunsa pa foni, iwo amene sanagwirepo kompyuta chibadwire: "Nanga ikadwala, upita nayo kwa ndani?" Ndinasowa choyankha. Waranti yambiri imagwira ntchito m'dziko limene chinthucho chagulidwa. Mnzanga wina yake itavuta, anachita kuibweza ku Joni komweko, ndipo anakhala miyezi iwiri akubwereka ya anthu. Ine miyezi iwiri osalemba, makasitomala anga apeza wina.

Loweruka ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, kukashopu kena kothinana, komwe mashelefu ake adzaza ndi malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito. Ambiri mwa iwo ndi aja amakampani akunja, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, omwe maofesi amawasiya pakapita zaka zingapo n'kugula ena. Anapangidwa kuti azigwira ntchito tsiku lonse, ndipo zipangizo zake sizisowa.

Sindinapite chimanjamanja ayi. Safunsa anadya phula, choncho ndinayamba ndafunsa anzanga odziwa za makompyuta, n'kulemba mafunso anga mu foni.

Choyamba chinali purosesa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna mapurosesa a Intel a m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Mwini shopuyo anayamba kundionetsa ina yowala bwino, yotchipirako. Nditayang'ana, inali i5-6300U. Pa mapurosesa ngati iyi, nambala yoyamba pambuyo pa kamzereko ndiyo imakuuza m'badwo, ndiye iyi inali ya m'badwo wa 6.

"Akulu, iyi ayi. Ndipatseni ya 8."

Anandiyang'ana n'kuseka. "Achemwali, mwabwera mutakonzeka eti?"

Anatulutsa ina pansi pa kauntala: i5 ya m'badwo wa 8, RAM 8GB, SSD 256GB. Ndinapempha mpando. Ndinatsegula Command Prompt n'kulemba powercfg /batteryreport, lomwe limaonetsa mphamvu imene batire linali nayo lili latsopano ndi imene latsala nayo. Linali litafooka ndithu, ndipo ndi mmene magetsi amathimirathimira kwathu kuno, batire si nkhani yamasewera. Tinanenerera mpaka anavomera kuikamo lina pa mtengo womwewo. Ndinadina batani lililonse, ndinayesa kamera, Wi-Fi ndi mabowo onse a USB. Pomaliza ndinati waranti ya miyezi itatu yomwe amanena pakamwayo ailembe pa lisiti, pamodzi ndi nambala ya laputopuyo. Anang'ung'udza pang'ono, koma analemba.

Patatha masabata asanu, mabatani atatu anasiya kugwira ntchito, kuphatikizapo "a". Tayesani kulemba Chichewa popanda "a" muone! Mtima unagunda, ndinaganiza kuti msuweni uja amanena zoona. Ndinakwera minibasi, lisiti lili m'chikwama. Bambo aja anawerenga zomwe analemba okha, n'kuitana mnyamata wawo. Ndisanamalize kudya chipisi panja, kiyibodi ina inali italowa kale. Madzulo omwewo ntchito ndinatumiza.

Sindikunena kuti yatsopano ndi yoipa. Ndikanakhala ndi ndalama zokwanira, komanso wogulitsa wovomerezeka pafupi woti waranti n'kukaitsatira pa minibasi, mwina ndikanagula ya m'katoni. Yangayi ili ndi zokalika pa chivindikiro, ndipo pakona pali chizindikiro cha sitika ya ofesi ina yomwe sindidzaidziwa. Msuweni wanga mpaka lero amaitcha "kaunjika".

Ndimangoseka. Lisiti lija ndinalisunga mu envulopu imodzi ndi satifiketi yanga ya digiri, ndipo nambala ya bambo a ku Limbe ili mu foni mwanga, pansi pa dzina loti "Dokotala".