Masika, karaoke ndi nyimbo zolira za ku Japan

Pa karaoke iliyonse pali lamulo limene palibe analilemba: sankha nyimbo yoti anthu avine. Ukangoyika yapang'onopang'ono, wina amakuwa kuti "watigonetsa", wina amanyamuka kukagula chakumwa, ndipo mwini spika amayamba kufufuza nyimbo ina iwe usanamalize vesi yoyamba. Ine lamuloli sindigwirizana nalo, makamaka nyengo ino ya masika. Ndipo nyimbo zimene ndikufuna kuziikira kumbuyo lero si za kwathu kuno. Ndi za ku Japan.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka. Mwana wa pa Chitakale, wokulira pakati pa minda ya tiyi ndi milu ya nanazi, Chijapani wachidziwira kuti? Yankho lili pamsewu. Imani pomwe msewu wa ku Likhubula ndi Phalombe umapatuka pa msewu wa Limbe kupita ku Muloza, muwerenge magalimoto. Sienta, Probox, Vitz, Passo: ambiri anayamba ayenda m'misewu ya ku Japan asanakwezedwe sitima yapamadzi. Wailesi za ambiri mwa magalimotowa zimathera pa 90 MHz, n'chifukwa chake dalaivala amene sanaikitse kachipangizo kowonjezera amalephera kugwira masiteshoni ambiri a kuno. Koma zina mwa wailesizi zili ndi hadi disiki imene inkasunga ma CD omwe mwini wake woyamba ankamvera. Galimoto imafika ku Mulanje itanyamula nyimbo za munthu amene sitidzamuona.

Umu ndi mmene msuweni wanga anakumanirana ndi nyimbo ina. Ndimawatchula achimwene chifukwa ndinakulira m'manja mwawo. Amayendetsa Sienta pakati pa Chitakale ndi Limbe. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa napolo m'mapiri a kuno ndi ku Phalombe, mnzawo wa pamtima amene ankawaitanira anthu pa siteji anakokoloka ndi madzi. Thupi lake silinapezeke. Panalibe bokosi, panalibe manda, panalibe usiku wa kusiwa woti amayi a mvano ayimbe mpaka kucha. Achimwene anabwerera pa chiwongolero patatha masiku ochepa, ndipo dzina la mnzawoyo sanalitchulenso.

Chimene chinasintha n'chakuti pa ulendo woyamba wa mbandakucha ankabwereza nyimbo imodzi ya m'galimotomo, ya mayi woyimba motsitsa. Tsiku lina pa tchuthi ndinaifufuza pa Shazam. Inali "Nada Sōsō", yoyimbidwa ndi Rimi Natsukawa mu 2001. Mawu ake analemba ndi Ryoko Moriyama pokumbukira mchimwene wake amene anamwalira ali wamng'ono, ndipo mutu wake m'chiyankhulo cha ku Okinawa umanena za misozi yosaleka kutsika. Nditawauza, anangoti, "Ndimadziwa kale, mphwanga. Munthu wolira amamveka."

Madzulo ena a mwezi wa May, anyamata anatulutsa spika ndi maikolofoni pa khonde la golosale ina. Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse, aliyense ali m'jekete. Titavina za Namadingo ndi amapiano kwa ola lathunthu, achimwene anandipatsa foni yawo: "Tandipezere ija, ya zilembo zathuzi." Anayimba akuwerenga mawu amene sankawamva. Mawu awo si a kwaya, ndipo pena ankatsalira kumbuyo kwa zing'wenyeng'wenye. Palibe anakuwa. Atamaliza anatchula dzina la mnzawo uja, nanena kuti akanakhalapo akanawaseka. Wina anakumbutsa ngongole ya chipisi imene malemuyo anasiya, anthu n'kuseka, kenaka nkhani zake zinayenda mpaka magetsi atazima. Kumeneko ndiye kunali kusiwa kwake, patapita chaka ndi miyezi iwiri.

Funso limene ndakhala ndikudzifunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani zinatheka ndi nyimbo ya chiyankhulo chachilendo, pomwe ife tili ndi nyimbo zachisoni zosawerengeka? Tili ndi banjo ya malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, pafupi pompa. Tili ndi Evison Matafale, tili ndi Lucius Banda amene anatisiya mu June 2024. Ndikuganiza kuti vuto ndi lomwelo, loti ndi zathu. Nyimbo ya Chichewa ikanena za imfa, aliyense pa khondepo amamva liwu lililonse, ndipo amakuyang'ana kumaso kuti aone ngati ugwetse msozi. Mnyamata wa kuno anauzidwa ali wamng'ono kuti mwamuna salira. Chijapani chinawapatsa achimwene pobisala. Akanafunsidwa, akanatha kuyankha kuti akungoyeserera nyimbo ya m'galimoto. Anthu anamva chisoni chawo popanda kuwakakamiza kuchivomereza.

Karaoke yeniyeniyo inapangidwira ntchito ngati imeneyi. Liwulo limachokera ku mawu awiri: kara, kutanthauza chopanda kanthu, ndi oke, chidule cha okesitira. Daisuke Inoue, woyimba wa m'mabala a ku Kobe, anapanga makina ake mu 1971 kuti makasitomala azitha kuyimba iye kulibe. Ndi gulu la zoyimbira lopanda woyimba, ndipo malo otsalawo ndi ako. Si mpikisano wa mawu okoma. Ndi mpata woti munthu wamba aime pamaso pa anzake kwa mphindi zinayi, n'kunena chimene sakanatha kuchinena pa mowa kapena pa gulu la WhatsApp.

Chodabwitsa n'chakuti lilime la Mchewa kapena Mlomwe silivutika ndi Chijapani monga limavutikira ndi Chingerezi. Iwo ali ndi mavawelo asanu omwewo, a, e, i, o, u. Maphatikizo awo ambiri amathera pa vawelo ngati athu. Ngakhale l ndi r, zimene aphunzitsi ankatikwapulira ku pulayimale, kwa iwonso ndi liwu limodzi. Mukalemba dzina la nyimbo pa YouTube n'kuwonjezera mawu oti karaoke ndi romaji, mupeza mawu ake m'zilembo zathu zomwezi, ndipo muwawerenga ngati mukuwerenga Boma Lathu.

Nanga nyengo ikulowapo bwanji? Ku Japan nthawi yoyoyoka masamba imayamba mu September, ndipo ali ndi nyimbo zambiri za nyengo imeneyo zokamba za kusiyana ndi kukumbuka. Ife tilibe nyengo zinayi, koma masika athu a April ndi May amagwira mtima mofanana. Mvula yatha, chimanga chauma m'munda, tiyi wachepa ndipo aganyu a m'maesiteti ayamba kubwerera kwawo. Mphepo yochokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique imabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza, Sapitwa osaoneka kwa masiku. Dzuwa limalowa msanga. Ndipo kwa anthu a kuno, masika tsopano amabwera titangodutsa mwezi wa March. Kuvina kokhakokha pa nyengo yotere kuli ngati kuvala malaya a chilimwe pa chiperoni.

Ngati mukufuna kuyesa, poyambira pabwino ndi "Ue o Muite Arukō" ya Kyu Sakamoto, ya mu 1961. Azungu anaitcha "Sukiyaki", dzina la chakudya cha nyama, ndipo mu 1963 inafika pa nambala wani ku America ili m'Chijapani chomwecho. Kayimbidwe kake n'kopepuka, kali ndi likhweru, koma nkhani yake ndi ya munthu wosungulumwa amene akulimbana ndi misozi. Ndi yabwino pa gulu limene silinazolowere, chifukwa ena aziwomba m'manja pomwe ena akumva zina. Sakamoto anafa pa ngozi ya ndege mu 1985.

Ya masika enieni ndi "Cosmos" ya Momoe Yamaguchi, ya mu 1977, imene analemba Masashi Sada. Ndi ya mwana wamkazi amene akuyang'ana mayi ake kutatsala tsiku limodzi kuti akwatiwe. Aliyense amene anaonapo mayi ake akumanga thumba la ufa ndi mtedza usiku woti mawa akubwerera kukoleji aimva. Amene muli ndi mpweya wokwanira yesani "Kawa no Nagare no Yō ni" ya Misora Hibari, imene imafanizira moyo ndi mtsinje. Inatuluka mu 1989, chaka chomwe iye anamwalira. Koma pa gulu la anthu amene mtsinje unawalanda abale, iganizireni kawiri.

Ndipo apa ndi pamene pali udindo wa wosankha. Werengani tanthauzo musanagwire maikolofoni, chifukwa kusamva chiyankhulo si chilolezo choyimba zilizonse pamaso pa anamfedwa. Musayambe nayo, dikirani anthu atope kuvina. Imodzi yakwana. Ndipo mukatha, musathamangire kuyika ya phokoso. Lolani kachetechete akhalepo pang'ono, mwina pali wina amene akufuna kutchula dzina.

Sindikunena kuti tisiye zathu. Ndikufuna tsiku lina ndidzamve achimwene akuyimba ya Chichewa, maso ali gwa, aliyense akumva chimene akunena. Koma munthu amene wakhala chete chaka chathunthu simumuuza khomo loti atulukire. Anzanga amene muli ndi maspika m'mahositelo ndi pa makonde a magolosale, masika ano wina akakupatsani foni kuti mumuikire nyimbo yachilendo yapang'onopang'ono, musamufunse kuti akumva chiyani. Tsitsani besi, mumupatse maikolofoni.