Chombo Chokalamba cha pa Nyanja Yathu

Kale pa gombe la Nkhotakota pankakhomedwa zombo za matabwa. Mwini wake anali Jumbe, Mswahili amene anamanga mudzi wake pomwepo cha m'ma 1840. Amisiri ake ankacheka mitengo, naimika nthiti za chombo, nakhomapo matabwa, natseka mipata yake ndi thonje. Pomaliza ankadzutsa mlongoti ndi kumangapo thanga lalikulu. Zombozo zinali zokoma m'maso, koma katundu wake anali woipa, pakuti zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kunka nawo tsidya lija la kum'mawa. David Livingstone pofika ku Nkhotakota m'chaka cha 1863 anapeza chombo chatsopano chilikukhomedwa. Lero palibe ndi chimodzi chomwe cha zombo za Jumbe chimene chatsala. Zinaola zonse, ndipo palibe munthu anazilira.

Koma chilipo chombo china chakale, chachitsulo, chimene anthu ambiri anafuna kuchiukitsa. Mwini dzina lake agona m'manda pa Nkhotakota pomwepa.

Munthuyo ndiye Chauncy Maples, wa mishoni ya UMCA, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa chilumba cha Likoma. M'chaka cha 1895 anamuika akhale bishopo. Pobwerera ku ntchito yake, mwezi wa September, anakwera kangalawa ka thanga kuti kamfikitse msanga. Ana a ku nyanja adziwa m'mene madzi asandulikira mphepo ikauka. Namondwe anawapeza panjira, kangalawako nikagubuduka. Anyamata oyendetsa anasambira nafika kumtunda, koma bishopo anamira, pakuti mkanjo wake wautali unalemera ndi madzi. Ndipo mnzake Joseph Williams anamira naye. Mtembo wa bishopo utapezeka, anauika ku Nkhotakota.

Tsono abwenzi ake ku England anasonkha ndalama kuti amange sitima ya chikumbutso chake. Wojambula maonekedwe ake anali Henry Brunel, ndipo oimanga anali Alley & McLellan a ku Glasgow, m'dziko la Scotland. Anaimaliza m'chaka cha 1899. Koma sitima ingachoke bwanji ku Glasgow kufika pa nyanja ya pakati pa mtunda? Anaiphwasula, nizituluka zidutswa 3,481, ndipo pa chidutswa chilichonse analembapo nambala yake. Zidutswazo zinaoloka nyanja ya mchere, nizikwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pofika pa mathithi, pamene ngalawa sizitha kupita, anthu a mtengatenga anazisenza pamutu. Chinthu chimodzi chokha sichinatheke kuphwasula, ndicho chimphika chowiritsira madzi a nthunzi, cholemera matani 11. Anachiika pa gareta, ndipo Angoni 450 anachikoka ndi zingwe m'zitunda ndi m'zigwa. Mabuku atchula dzina la wojambula ndi la omanga, koma mapewa amene anafikitsa sitimayo pa nyanja anali a anthu a dziko lino.

Zidutswa zitafika, amisiri anapeza tsoka lina. Pozikuta ndi mankhwala oletsa dzimbiri ku Scotland kuja, manambala aja anafafanizika. Taganizani, ana inu, mbiya itasweka, ndipo wina ati, Lumikiza mapale onsewa. Momwemo amisiriwo anayesa chidutswa ichi ndi icho kufikira chilichonse chitapeza mnzake, ndipo ntchitoyo inadya zaka ziwiri. Pa 6 June 1901 sitima inatsikira m'madzi, naitcha Chauncy Maples.

Utali wake unali mamita 38. M'katimo munali malo opempherera, ophunziriramo ndi ochiritsiramo odwala. Archdeacon William Percival Johnson anayenda nayo zaka zambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Chakudya chake chinali nkhuni. Anthu a m'midzi ankazitema naziunjika pa gombe, ndipo sitima ikafika ankazilonga. Utsi wake ukaoneka patali, a zilonda ndi a malungo ankatsikira ku madzi kukaidikira.

Pambuyo pake inasintha ntchito kawirikawiri. Pa nkhondo ya 1914 boma linaitenga kuti inyamule asilikali. M'chaka cha 1953 amishoni anaigulitsa, ndipo inasanduka chombo cha asodzi, nikoka makoka m'madzi omwewo m'mene kale inkanyamula aphunzitsi. M'chaka cha 1967 boma la Malawi linaigula, nilichotsa makina a nthunzi, niliikamo injini ya dizilo, kuti izinyamula anthu a paulendo ndi katundu wawo. Makina akalewo anawasunga m'nyumba ya zinthu zakale ku Mangochi. Potsiriza, m'chaka cha 1992, anaimangirira pa doko la Monkey Bay, ndipo inaleka kuyenda. Panali nthawi yina imene anthu ankamweramo mowa.

Chombo chimene chayenda m'mafunde zaka 90 sichiopa mwera kwambiri. Chimene chichipha ndicho kukhala chabe. Msodzi aliyense wa ku Nkhotakota adziwa ichi. Bwato lake la matabwa likayamba kuchucha, sadikira mwezi wina. Alikokera pa mchenga, naligadamiza, nagogoda matabwa limodzilimodzi kuti amve lofumbwa. Thabwa labwino lilira mokoma, koma loola liyankha motsika ngati ng'oma yonyowa. Loolalo alizula, nasema lina lolingana nalo, nalikhoma ndi misomali. Ndipo m'mipata alowetsamo thonje kapena nsanza, namata ndi phula lotentha. Akatero chaka ndi chaka, bwatolo lifika pokhala lopanda thabwa ndi limodzi lomwe la pachiyambi, koma anthu alitchabe dzina lake lomwe lija, ndipo lipitabe kukapha usipa ndi kampango. Ntchito yotereyi aitha anthu awiri kapena atatu, okhala ndi kasemasema, nyundo ndi mphika wa phula.

Sitima yachitsulo si yotero ai. Dzimbiri lidya m'kati mobisika, ndipo polichotsa pafunika doko, makina okokera chombo kumtunda, amisiri owotcherera zitsulo, ndi ndalama zochuluka ndithu. M'chaka cha 2009 anthu ena ku Britain anapanga bungwe lotchedwa Chauncy Maples Malawi Trust, ndipo kampani ya ku London, dzina lake Thomas Miller, inatsogolera kusonkha ndalama. Pa nthawiyo anthu ankati palibe sitima yina yoyandama mu Africa monse yoposa iyi kukalamba. Cholinga chawo sichinali chakuti ikhale choonetsa alendo chabe. Anafuna kuti ibwerere ku ntchito yake yoyamba, ikhale chipatala choyenda pa madzi, yonyamula anamwino ndi mankhwala kunka ku midzi imene msewu sufikako. Maganizo amenewa anali abwino, pakuti ilipo midzi yotere pa nyanja yathu, kumene mapiri atsikira m'madzi, ndipo mayi wodwala amgoneka m'bwato, abale ake napalasa naye ulendo wautali kuti akapeze chipatala.

Amisiri anaikokera kumtunda ku Monkey Bay, nayamba kupala dzimbiri ndi kuchotsa zitsulo zodyeka. Panapita zaka, koma ntchito siinafike pamapeto. M'chaka cha 2017 inalekeka, sitimayo isananyamule wodwala ndi mmodzi yemwe, ndipo inatsala pa Monkey Bay pomwepo.