Njuchi ya m'mphepete mwa mendulo

Ndinatuluka pa siteshoni ya sitima zapansi panthaka ya Cité dzuwa lisanakwere, fungo la maluwa a pamsika wapafupi n'kundilandira. Ndinadutsa pakati pa miphika ya maluwayo mpaka ndinaima pa quai de la Corse, pakhomo la bwalo loweruza milandu ya zamalonda la mzinda wa Paris. Nyumba yake, yomwe anaikonza Antoine-Nicolas Bailly, inamangidwa pakati pa 1860 ndi 1865. Ukalowa, masitepe aakulu amakweza maso ako mpaka kudenga lozungulira.

Anthu ovala mikanjo yakuda ankadutsa mwachangu atapanira mafayilo m'khwapa. Chondikhudza n'chakuti oweruza a pano si anthu olembedwa ntchito ndi boma. Ndi amalonda ndi eni makampani, osankhidwa ndi anzawo, ndipo salandira malipiro. Mwambowu unayamba mu 1563, pamene Mfumu Charles IX, potsatira uphungu wa nduna yake ya zamalamulo, Michel de l'Hospital, inalamula kuti amalonda a ku Paris azisankha woweruza mmodzi ndi omuthandiza anayi. Ankafuna kuti mkangano wa ngongole kapena katundu uzithera m'manja mwa odziwa msika, usamachite kugonera m'makhoti. Kuyambira mu 2025 dzina la bwaloli linasintha, koma anthu amalitchulabe ndi lakale lija.

Munthu wogwira ntchito yotere zaka zambiri osalandira kanthu, amam'thokoza ndi chiyani? Funso limeneli ndi limene linandiolotsa mlatho wa Pont Neuf kupita ku 11 quai de Conti, kunyumba ya Monnaie de Paris, bungwe losula ndalama ndi mamendulo.

Bungweli linayamba mu 864, m'nthawi ya Mfumu Charles le Chauve, ndipo nyumba ya lero inamalizidwa mu 1775. Ndalama zachitsulo zogulira zinthu zakhala zikusulidwa ku Pessac kuyambira mu 1973, koma mamendulo adakapangidwabe pompano, m'mbali mwa mtsinje wa Seine. Ndinaima nthawi yaitali pazenera loonera amisiri. Mendulo saidinda kamodzi ngati khobidi. Amaimenya ndi chidindo, n'kuiotcha kuti ifewe, n'kuimenyanso, mpaka mphuno ndi ndevu za munthu wojambulidwayo zitatumphuka bwino. Makina akale opanikizira, okhala ndi mikono iwiri yaitali imene amuna ankaizunguza ndi mphamvu zawo, ali chiimire m'chipinda china.

Komabe chimene chinandigwira mtima ndinakachipeza madzulo, kutsidya, m'kasitolo ka ogulitsa ndalama zakale pa rue Vivienne. Bambo wina wa imvi anandiyalira thireyi ya nsalu yofiira. Panali Colbert ndi tsitsi lake logwera m'mapewa, iye uja amene lamulo lake la 1673 linaika malamulo a zamalonda m'buku limodzi. Pambali pake panali l'Hospital, wadazi, wa ndevu zazitali, nkhope ya munthu amene anatopa n'kuyanjanitsa Akatolika ndi Apulotesitanti dziko lili pankhondo. Ena anali mamendulo a makhoti a zamalonda a m'mizinda ina, okhala ndi sikelo ya chilungamo, ndipo kumbuyo kwake kunali malo ozokotapo dzina la woweruza.

"Musamangoyang'ana nkhope, bambo," anatero, akundipatsa galasi lokuzira zinthu. "Tembenuzani, muone m'mphepetemo."

M'mphepete mopyapyala mwa mendulo ina ya khoti munali mawu akuti CUIVRE, kutanthauza mkuwa, ndi kanjuchi kochepa ngati njere ya mawere. Njuchi, anandifotokozera, ndi chizindikiro cha mamendulo osulidwa pakati pa 1860 ndi 1879. Isanafike njuchi, kuyambira mu 1845, ankadinda dzanja loloza chala. Kuchokera mu 1880 amadinda nyanga yodzaza zipatso. Choncho mendulo itha kulembedwa chaka chakale kumaso, koma m'mphepete ndimo mumaulula nthawi imene inachokadi pachidindo, ndipo mtengo umatsata pamenepo.

Ya njuchiyo inali ndi dzina kumbuyo, zilembo zina zitafufutika chifukwa chogwiridwagwiridwa. Munthu ameneyu anaweruza milandu ya anzake nthawi imene nyumba ya pa quai de la Corse inali yatsopano, ndipo mendulo yake tsopano ili m'thireyi, adzukulu ake ataitaya kapena kuigulitsa. Zinandipweteka. Ndinalipira osanenerera, bamboyo n'kuikulunga m'kapepala koyera.