Momwe ndinaphunzirira kuphika zeolite

Lolemba. Aphunzitsi andionetsa kaufa koyera mbee, nati dzina lake ndi ZSM-5, mtundu wa zeolite umene kampani ya Mobil inalembetsa mu 1972. Kanjere kalikonse kali ndi timabowo totakata pafupifupi theka la nanomita. Kuti mupeze nanomita, gawani milimita imodzi ka 1,000,000. Mamolekyu ang'onoang'ono amalowa m'timabowomo n'kusinthidwa, akuluakulu amatsala kunja. ZSM-5 imatha kusandutsa methanol kukhala petulo koma yokha osatha ayi. Chinthu chotere amati catalyst.

Lachiwiri. Ndasakaniza silika, amene amapezekanso mumchenga, aluminiyamu pang'ono, caustic soda, madzi ndi mankhwala otchedwa TPA. TPA ali ngati chikombole, kungoti makoma amamangika momuzungulira. Ndinathira zonse kamodzi, phala lake n'kuchita mibulu. "Thirani dontho limodzilimodzi, uku mukuvundula," anatero aphunzitsi. Ulendo wachiwiri linasalala.

Lachitatu. Phala lalowa mu autoclave, kampoto kachitsulo kotsekeka zolimba, pa madigiri 170.

Lachinayi. Mtima unandithamangira, ndinaphula tsiku lisanakwane. Makina a XRD, amene amaunika ndi X-ray kuti aone ngati maatomu afola bwino, anangojambula kachulu kamodzi kotambalala. Ndiye kuti zinali zisanapse. Zinandipweteka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndayambanso.

Lolemba. Mpoto wachiwiri wakhala masiku atatu. Ndinadikira uzizire ndisanatsekule, ndinatsuka ufawo kangapo n'kuuyanika. Pa kompyuta ya XRD panatuluka mizere yosongoka, yaitali, kusonyeza kuti maatomu afola bwino. Ndinayang'ana kawiri kuti ndikhulupirire.

Lachiwiri. Ndawotcha ufawo pa madigiri 550 kuti TPA apse, timabowo titseguke.

Lachinayi. Ndauviika m'madzi a ammonium nitrate kuti sodiyamu wochokera ku caustic soda uja achoke, n'kuuwotchanso. Tsopano paliponse pamene pakhala atomu ya aluminiyamu pasanduka malo a asidi, ndipo ntchito imagwirika pamenepo. Apa m'pamene ndamvetsa chimene akatswiri amakondera zeolite. Ukawonjeza aluminiyamu, malo a asidi amachuluka. Ukachepetsa, amachepa, koma ufawo umapirira bwino kutentha. Ukasintha chikombole, timabowo timatha kusinthanso.

Anzanga amene mukuyamba kumene, valani magalasi ndi magolovesi chifukwa soda amawotcha khungu, lembani muyezo uliwonse m'kope, ndipo musaphule msanga. Ngati mumatha kuyeza, kuvundula ndi kudikira, ntchitoyi muitha.