Tebulo Lopanda Nkhope

Kwa zaka 6, Lachisanu lililonse ndikaweruka kuntchito yanga yosamalira okalamba ku Leeds, ndinkasamba, kuvala shati yosita bwino, n'kukwera basi kupita ku kasino ina ya pakati pa mzinda. M'thumba ndinkaika mapaundi 100 basi, khadi la kubanki n'kulisiya kunyumba. Sindinali katswiri wa poker, koma ndinali ndi maso. Ntchito inandiphunzitsa kumva anthu amene satha kulankhula. Gogo wodwala sitiroko sakuuza kuti penapake pakupweteka, umaonera pamilomo ndi pazala. Maso omwewo ndi amene ndinkapita nawo patebulo.

Panali bambo wina woyendetsa takisi amene makadi atatu oyamba akagwa pakati n'kumukomera, ankathamangitsira maso pamachipi ake asanazindikire n'komwe. Panalinso mnyamata wa ku yunivesite amene akamaopseza ndi makadi achabechabe ankauma ngati chitsa, kupuma komwe ankaiwala. Anthu amenewa ndinkawadziwa ngati mmene madala a pabwalo amadziwira mnzawo pabawo. Zonse ndinkalemba m'kabuku, ndipo pakutha pa chaka pankatsala kaphindu kokwanira matumba angapo a feteleza a amayi ku Ntcheu. Ndinkadziuza kuti zimenezi si njuga, ndi luso.

Chakumapeto kwa Malichi 2020, mliri wa Covid-19 unatseketsa makasino onse. Patatha milungu iwiri ndinatsegula akaunti pa intaneti. Aliyense wosewera poker amadziwa za Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee amene mu 2003 anapeza mpando wake kudzera pa intaneti n'kukapambana madola 2.5 miliyoni pa World Series of Poker ku Las Vegas. Ine ndinati ngati munthu angachoke pakompyuta n'kukagonjetsa a patebulo, wochokera patebulo angavutike bwanji pakompyuta?

Usiku woyamba womwewo ndinazindikira kuti ndachita khungu. Panalibe khosi loti ndiliyang'ane, panalibe zala zonjenjemera, koma timayina topeka ndi tizithunzi ta amphaka. Munthu akachedwa kusewera sindinkadziwa ngati akuganiza mozama, ali pamatebulo ena 8, kapena wapita kukazimitsa ketulo. Choipitsitsa n'chakuti ena mwa iwo ankandiona ine bwino lomwe. Pali mapulogalamu otchedwa HUD amene amasunga mbiri ya manja onse amene wasewera ndi munthu, n'kuika manambala pambali pa dzina lake: amalowa kangati, amakweza ndalama kangati, amathawa kangati akakwezeredwa. Chizolowezi changa cha ku kasino chomangolowa motchipa kuti ndione makadi atatu aja chinkaoneka poyera ngati chigamba chofiira pathalauza loyera. Anyamata a patebulo la masenti ankasewera molimba kuposa anthu amene ndinkawadyera mapaundi mtauni, chifukwa ku kasino ambiri amabwera kudzacheza ndi kumwa, pomwe awa anabwera kudzagwira ntchito.

Kenako liwiro. Patebulo lenileni wogawa makadi amasakaniza ndi manja, anthu amawerenga machipi, wina amakangana ndi woperekera zakumwa, ndipo pa ola mumasewera manja pafupifupi 30. Pa intaneti tebulo limodzi limapitirira 60, ndipo palibe amene amakuletsa kutsegula anayi. Uli mkati moganiza, kawotchi kamayamba kulira kuti masekondi ako akutha. Ine ndinazolowera kukhala phee mphindi yathunthu ndikumuyang'ana munthu. Apa chala chinkadina ubongo usanamalize.

Ndinachedwa kumvetsa chimene liwiro limeneli limachita mumtima. Ma ace awiri, makadi amphamvu kuposa onse poyambira mu Texas Hold'em, amabwera kamodzi pa manja 221. Ku kasino ndiye kuti kamodzi pa maola 7, mwina usiku wonse osawaona. Pamatebulo anayi amabwera ola lisanathe. Ndipo ngakhale mutaika ndalama zonse ndi munthu wa makadi awiri ofanana ocheperapo, ma ace amaluza kamodzi mwa kasanu. Tsoka lomwe ndinkakumana nalo mwa apo ndi apo, n'kumalisimba mwezi wonse m'basi, linayamba kundigwera kawiri tsiku limodzi. Ndinafika polumbira kuti makinawo amabera. Masamu ake ndinkawadziwa ndithu, koma 2 koloko ya usiku munthu wolusa safuna masamu.

Komabe chimene chinandigwetsa si HUD kapena ma ace. Ku kasino mapaundi 100 aja akatha, ndinkanyamuka, kuvala jekete, n'kukadikira basi pamphepo. Pofika kunyumba mkwiyo unali utazizira. Machipi amalemera m'manja, ukamawakankhira pakati umamva kuti ukutaya chinthu. Pakompyuta ndalama ndi nambala yaing'ono pansi pa dzina lako, ikafika pa ziro pamatuluka kabokosi kokufunsa mwaulemu ngati ukufuna kuwonjezera. Khadi lomwe ndinkalisiya kunyumba linali pompo, chifukwa kasinoyo inali itasamukira kuchipinda kwanga. Mwayi wanga unali woti kuyambira pa 14 Epulo 2020 ku Britain analetsa kutchova njuga ndi makhadi a ngongole. Ndinataya zanga zokha. Kungoti sizinali zanga kwenikweni: mapaundi 1,400 amene ndinkasungira malata a nyumba ya amayi.

Mu Ogasiti mlongo wanga anaimba pa WhatsApp.

"Achimwene, mmisiri akufunsa za malata aja. Akuti tisadikire Okutobala, mitengo ikwera."

Ndinayankha kuti kuntchito atichedwetsera malipiro a maola owonjezera, adikire pang'ono. Anakhala chete kanthawi.

"Achimwene, inu mukafuna kunama mumayamba ndi kukonza pakhosi. Kuyambira muli mwana. Amayi sindiwauza, koma ineyo mundiuze."

Zaka 6 ndikudzitama kuti ndimawerenga anthu, osadziwa kuti nane ndili ndi changa chondiulula, ndipo munthu amachimva ali ku Ntcheu pa netiweki yodukaduka. Ndinamuuza zonse. Sanakalipe, anangofunsa kuti ndingatumize zingati pamwezi, n'kunena kuti mbali yodontha kwambiri ayamba aikapo pulasitiki.

Usiku womwewo ndinalembetsa ku GamStop, njira imene imakutsekera masamba onse a njuga okhala ndi chilolezo ku Britain. Umasankha miyezi 6, chaka chimodzi kapena zaka 5. Ndinayang'ana miyezi 6 nthawi yaitali ndithu ndisanadine zaka 5. Malata anakwera mu Febuluwale, mvula itanyowetsa kale matumba awiri a chimanga.

Makasino atatsegulidwanso mu Meyi 2021, ndinakhala miyezi ingapo osapondako. Tsiku lomwe ndinapita, ndi mapaundi 100 ndipo khadi lili kunyumba, ndinadabwa kuti masewerawo akuyenda ngati kamba. Mwendo unkangogwedezeka pansi pa tebulo. Mu ola loyamba ndinalowa manja anayi amene kale ndikanawataya osaganiza kawiri, chifukwa chongotopa ndi kudikira. Bambo wa takisi uja analipo, atanenepako, chigoba cha pakamwa chili pachibwano. Makadi atatu atagwa ndinaiwala kumuyang'ana, maso anga anali pakati pa tebulo pomwe pakompyuta pamakhala nambala. Anakweza, ine n'kutsatira, ndipo anatembenuza ma 9 atatu.

"Unasowa kuti iwe?" anandifunsa m'Chingerezi chake cha ku Bradford, akukokera machipi anga kwa iye.

Ndinati ndinali kuntchito. Ndinadzimva ndikukonza pakhosi.